Mafunso ndi Mayankho: Chiyambi cha Filimu ndi Mmene Chimakokera Woonera

Mathero a filimu ndi amene anthu amakambirana akatuluka mu holo, koma ambiri safika n'komwe ku matherowo ngati mphindi zoyambirira sizinawagwire mtima. Tsambali likuyankha mafunso amene okonda kanema, ophunzira za zisudzo ndiponso amene ayamba kujambula mafilimu awoawo amakonda kufunsa.

Kodi chiyambi cha filimu chimayambira pati, nanga chimathera pati?

Chimayamba nkhani isanayambe. Mkango wa kampani ya MGM ukabangula, kapena akalira malipenga a 20th Century Fox aja, amene Alfred Newman anapeka mu 1933, anthu mu holo amasiya kucheza. Akatswiri ena safuna kutaya ngakhale masekondi amenewo. Mu Raiders of the Lost Ark ya 1981, phiri la pa chizindikiro cha Paramount limazimirira pang'onopang'ono n'kusanduka phiri lenileni la m'nkhalango ya ku South America, ndipo woonera amangopezeka ali m'kati mwa nkhani osadziwa kuti walowa nthawi yanji.

Pothera pake palibe malire olembedwa. Olemba masikiripiti amawerengera kuti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, ndipo Syd Field, amene buku lake la 1979 lophunzitsa kalembedwe ka mafilimu linafala kwambiri, ankalimbikira za masamba 10 oyambirira. Nambalayo si lamulo, koma imathandiza. Pomatha mphindi 10, woonera azikhala atadziwa munthu amene akumutsatira ndi dziko limene munthuyo akukhalamo, ndipo azikhala ndi chinachake chimene akufunitsitsa kudziwa.

Ntchito yeniyeni ya chiyambi ndi yotani?

M'kalasi amakuuzani kuti chiyambi chimaonetsa malo, nthawi, ampangankhani ndi mtundu wa filimu. N'zoona, koma mukhoza kuchita zonsezo molongosoka, woonera n'kumangoyasamula. Chimene chimamukhazika pampando ndi funso limene labadwa m'mutu mwake, limene sangalipezere yankho akachokapo.

Citizen Kane ya Orson Welles, ya 1941, imayamba ndi mpanda, chinyumba pamwamba pa phiri, zenera limodzi lokha likuwala, kenako nkhalamba ikunong'ona liwu limodzi n'kutsirizika. Munthuyo sitikumudziwa, ndiye sitingamulire. Koma liwu lija amatanthauza chiyani? Filimu yonse ndi ulendo wa mtolankhani wofunafuna yankho limenelo, ife tili pambuyo pake. Ousmane Sembène wa ku Senegal, mu La Noire de... ya 1966, anakwanitsa zomwezo ndi zinthu zochepa kwambiri. Sitima yapamadzi ikufika padoko ku France, mtsikana wovala bwino akutsika ndi katundu wake, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali wodzamuchingamira. Palibe mfuti, palibe wothamangitsana ndi mnzake. Pali mtsikana yekha m'dziko la eni, ndipo ife tayamba kale kuda nkhawa kuti kumene akupitako akamusunga bwanji.

Ntchito yachiwiri, imene oyamba kumene amaiwala, ndi yophunzitsa woonera kaonedwe ka filimuyo. Mphindi zoyambirira zimamuuza liwiro limene ayende nalo, ngati kuseka n'kololedwa, ngati m'dziko la nkhaniyi akufa amadzuka kapena ayi, ngati aziyang'anitsitsa tinthu ta m'mbali mwa chithunzi. Woonera amazitenga zimenezi ngati lonjezo. Filimu ikayamba ndi nthabwala zokhazokha, pakati n'kusanduka yokhetsa magazi popanda chenjezo lililonse, anthu amakwiya, ndipo salakwa.

Si bwino kungoyamba ndi nkhondo, ngozi kapena kuphulika kwa bomba?

Phokoso limadzidzimutsa, koma kudzidzimuka sikuchedwa kutha. Wotsogolera mafilimu Alfred Hitchcock, pocheza ndi wotsogolera mnzake François Truffaut, anapereka chitsanzo chimene aphunzitsi amachibwerezabe. Anthu awiri akucheza patebulo, bomba n'kuphulika mwadzidzidzi: oonera adzidzimuka kwa masekondi ochepa, basi zatha. Koma muwaonetse oonerawo kuti bomba lili pansi pa tebulo, muwaonetsenso wotchi, ndiye anthu awiri aja azingocheza zopanda pake. Oonera akhala mtima uli m'mwamba nthawi yonseyo, akulakalaka kuwakuwira kuti athawe.

Welles anachita zimenezi ndendende mu Touch of Evil ya 1958. Chithunzi choyamba ndi manja akutchera nthawi pa bomba. Mwini manjawo akuthamanga n'kuliponya m'buti ya galimoto. Mwamuna ndi mkazi akukwera galimotoyo, akuiliza. Kamera ikukwera pamwamba pa madenga, ikutsikiranso mumsewu wa tauni ya m'malire a Mexico ndi United States, ndipo kwa mphindi zoposa 3 chithunzicho sichidulidwa ngakhale kamodzi. Galimoto ikuima pamene wapolisi wapamsewu wakweza dzanja, ikudikira ogulitsa malonda ndi mbuzi kuti adutse, ikuyenda mbali ndi mbali ndi mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene amene akuyenda wapansi. Pachipata cha malire, mkazi wa m'galimoto uja akudandaula kuti akumva kanthu kakugunda m'mutu mwake, koma palibe womumvera. Bombalo likamaphulika, inu mumakhala mutatuluka kale thukuta m'manja. Situdiyo itatulutsa filimuyi koyamba inapachika mayina a anthu amene anagwira ntchito pa filimuyo pamwamba pa gawo limeneli, ndipo anachotsedwapo mu 1998 pamene filimuyo inakonzedwanso motsatira kalata imene Welles analemba yodandaula.

Ngakhale Saving Private Ryan ya 1998, imene anthu amaikumbukira ndi nkhondo yoopsa ya pagombe la Omaha pa 6 June 1944, siyambira pagombepo. Imayamba ndi nkhalamba ikuyenda pakati pa mitanda yoyera kumanda a asilikali ku Normandy, abale ake akuitsatira chapatali, mpaka ikugwa pamaondo. Mukafika pagombe paja mumakhala muli kale ndi funso: pa anyamata onsewa, nkhalamba ija ndi uti?

Bwanji mafilimu ambiri amayamba ndi chithunzi cha mzinda kapena mapiri patali?

Ndi njira yachidule yotiuza kumene tili. Chizolowezi chake n'chochokera kutali kupita pafupi: mzinda, msewu, nyumba, chipinda, nkhope. Psycho ya Hitchcock, ya 1960, imatsatira zimenezi mpaka kutilembera pa sikirini kuti pano ndi pa Phoenix ku Arizona, tsiku ndi lakuti, nthawi ndi yakuti. Kenako kamera imasankha zenera limodzi la hotela pakati pa mazenera ambirimbiri n'kulowera pa kampata kotseguka, kukapeza mwamuna ndi mkazi amene akukumana mobisa. Pamenepo watisandutsa osuzumira, ndipo filimu yonseyo ndi ya anthu osuzumira.

The Godfather ya Francis Ford Coppola, ya 1972, imatembenuza dongosololi. Sikirini ili bii, lipenga limodzi likulira, kenako mawu a munthu, kenako nkhope yake yokha mumdima. Ndi wokonza maliro amene akudandaula za anyamata amene anavulaza mwana wake wamkazi, khoti n'kuwamasula. Kamera ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono moti simuzindikira kuti ikuyenda, mpaka m'mbali mwa chithunzi mukuoneka phewa ndi dzanja la munthu amene akumvetsera. Nkhope ya mwini nyumba sitinaione, koma tadziwa kale kuti m'chipindamu muli wamphamvu kuposa khoti. Panja kuli ukwati, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuvina. Nkhani yonse ya banja la mwini nyumbayu ili pakati pa chipinda chamdima chija ndi bwalo lowala lija.

Masiku ano, poti tindege ta droni tatchipa, filimu iliyonse ikufuna kuyamba ndi mzinda wojambulidwa kuchokera kumwamba. Zambiri mwa zithunzi zimenezo n'zokongola koma sizinena kanthu. Mukatha kuchichotsa chithunzicho nkhani osasintha, ndiye kuti sichinali kugwira ntchito.

Mpangankhani timamudziwa bwanji asanalankhule?

Ndi zimene akuchita, ndi zinthu zimene zamuzungulira. Onerani mphindi zoyambirira za Rear Window ya 1954. Makatani akukwera, tikuona bwalo la pakati pa nyumba zosanja ku New York. Anthu awiri agona pakhonde la masitepe achitsulo chifukwa m'nyumba simukugoneka. Kamera ikubwerera m'chipinda chathu: thukuta pachipumi cha munthu amene wagona pa njinga ya olumala, choyezera kutentha pakhoma, mwendo uli m'chikhakha ndipo dzina lake lalembedwa pachikhakhapo. Patebulo pali kamera yophwanyika. Pakhoma pali chithunzi cha galimoto zampikisano zikugundana, tayala likuuluka molunjika kwa wojambula. Kenako mulu wa magazini. Palibe amene watsegula pakamwa, koma mwadziwa dzina lake, ntchito yake, mmene anathyokera mwendo, ndi chifukwa chake azikhalira kuyang'ana pazenera tsiku lonse. Ndipo poti mwazilumikiza nokha, simuiwala.

Up ya kampani ya Pixar, ya 2009, imanyamula moyo wonse wa banja m'mphindi pafupifupi 4 popanda liwu lililonse: ukwati, nyumba yokonza okha, mwana amene sanabwere, botolo la ndalama za ulendo limene likuswedwa kawirikawiri chifukwa cha mavuto apakhomo, kenako chipatala ndi maliro. Pambuyo pake mwamuna wotsala yekhayo, amene tsopano ndi nkhalamba, akamakalipira aliyense, palibe woonera amene amamuda.

Wolemba wina, Blake Snyder, m'buku lake la 2005 analangiza kuti mpangankhani achite kanthu kachifundo koyambirira kuti oonera amukonde. Malangizowo amagwira, koma agwiritsidwa ntchito mpaka kutha mphamvu. Woonera safunikira kumukonda munthuyo. Chofunika n'chakuti afune kuona chimene achite kenako. Munthu waluso pa ntchito yake, ngakhale ntchitoyo ikhale yakuba, amakopa maso.

Chifukwa chiyani mafilimu akale ankaika mayina koyambirira pomwe ambiri a lero amaika kumapeto?

Kale mayina anali ochepa, ankaikidwa pa timakadi tingapo filimu isanayambe, ndipo kumapeto kunkangolembedwa kuti yatha. Amene anaonetsa kuti nthawi ya mayina ingakhale mbali ya nkhani ndi Saul Bass. Mu The Man with the Golden Arm ya Otto Preminger, ya 1955, yonena za munthu womangidwa ndi mankhwala osokoneza bongo, Bass anaika mizere yoyera pa sikirini yakuda, ikuyendayenda mpaka kupanga mkono wokhotakhota. Anadzagwiranso ntchito ndi Hitchcock pa Vertigo, North by Northwest ndi Psycho, ndipo atakalamba Martin Scorsese anamuitana pa Goodfellas ndi Casino.

Ku Hollywood ndondomeko ya mayina si nkhani ya kukoma mtima. Imalembedwa m'mapangano a mabungwe a ogwira ntchito, ndipo mayina akakhala koyambirira, la wotsogolera filimu ndi limene limabwera pomaliza. George Lucas sanafune mayina asokoneze chiyambi cha mafilimu ake a Star Wars, ndipo pa The Empire Strikes Back ya 1980 bungwe la Directors Guild of America linamulipiritsa chindapusa chifukwa dzina la wotsogolera, Irvin Kershner, linaikidwa kumapeto. Analipira, n'kutuluka m'bungwemo. Lero mafilimu akuluakulu ambiri amachita zimene iye analipirira, komanso poti filimu imodzi imagwiridwa ndi anthu mazanamazana, mayina onsewo sangakwane koyambirira.

Luso la mayina silinafe. Mu Se7en ya David Fincher, ya 1995, Kyle Cooper anationetsa manja a munthu akudzisenda khungu la kunsonga za zala ndi lezala, akulemba tizilembo tothithikana m'makope, akusoka masamba ndi singano, mayina akunjenjemera pa sikirini ngati okandidwa ndi msomali. Mwini manjawo ndi chigawenga chimene chimadzaoneka nkhope filimu itapita kutali, koma m'mphindi 2 zimenezo mwakhala kale m'chipinda mwake.

Nanga gawo lija limene limabwera dzina la filimu lisanalembedwe ndi la chiyani?

Ndi nyambo. Mafilimu a James Bond ndi amene analitchukitsa. Chithunzi cha munthu akuoneka kudzera mu mpope wa mfuti chinapangidwa ndi Maurice Binder pa Dr. No ya 1962, ndipo kuyambira pa From Russia with Love ya 1963 pankabwera kankhani kakafupi nyimbo ya mayina isanayambe. M'filimu imeneyo timaona Bond akusakidwa m'munda usiku n'kuphedwa, kenako magetsi akuyaka, wina akuvula chigoba kumaso kwa mtembowo, ndipo tikupeza kuti anali munthu wina amene adani amayeserapo. Mdani wadziwika, luso lake laoneka, dzina la filimu lisanatuluke.

Ma sewero a pa wailesi yakanema amagwiritsanso ntchito njira yomweyi pa chifukwa chosavuta kumva: kugwira munthu asanasinthe tchanelo.

Kodi nyimbo ndi phokoso zili ndi gawo lalikulu bwanji?

Khutu limalowa m'nkhani diso lisanalowe. Mu Jaws ya Steven Spielberg, ya 1975, manotsi awiri a John Williams amayamba sikirini isanaonetse kanthu kooneka bwino, ndipo kamera ikamayenda pansi pa nyanja mumazindikira kuti mukuona ndi maso a chilombo. Mtsikana akapita kukasambira usiku, shakiyo simuiona n'komwe. Mumangoona iye akukokedwa uku ndi uku. Shaki yamakina imene anapangira filimuyi inkawonongeka kawirikawiri, ndipo zimenezo zinachititsa kuti m'magawo ambiri nyimbo igwire ntchito ya chilombocho. The Lion King ya 1994 imayamba ndi dzuwa likutuluka ndi mfuu ya Lebo M, woimba wa ku South Africa, m'Chizulu. Gawo limenelo linali lamphamvu moti kampani ya Disney inalitenga lonse n'kulisandutsa chotsatsira filimuyo.

Koma chitsanzo chimene ndimachiika pamwamba pa zonse chilibe nyimbo. Once Upon a Time in the West ya Sergio Leone, ya 1968, ili ndi nyimbo za Ennio Morricone, koma kwa mphindi zoposa 10 zoyambirira simuzimva. Amuna atatu amfuti akudikira sitima pa siteshoni ya m'chipululu. Makina okokera madzi oyendera mphepo akulira kwii, kwii. Madzi akudontha kuchokera kudenga kugwera pamutu pa mmodzi wa iwo, iye osasuntha, akungovala chipewa, madontho aja n'kumagwera pachipewapo, ndipo pambuyo pake akumwa madziwo. Wina akuliza zala. Wachitatu akulimbana ndi ntchentche imene yatera pandevu zake, akuiuzira ndi pakamwa, mpaka akuitsekera mu mpope wa mfuti n'kumamvetsera ikulira m'menemo. Palibe chikuchitika, koma simungachotse maso, chifukwa anthu atatu amfuti sadikira sitima kuti akalandire mlendo ndi manja awiri. Sitima ikafika, kulira kwake kumakudzidzimutsani kuposa bomba.

Mawu olembedwa pa sikirini kapena munthu wofotokoza nkhani, si ulesi umenewo?

Nthawi zambiri ndi ulesi. Wolemba walephera kuonetsa, ndiye akungotiuza. Chizindikiro chake n'chakuti mawuwo akunena zimene maso akuona kale.

Pali pamene zimagwira. Star Wars ya 1977 ili ndi ndime 3 zokha zokwera pa sikirini, zimene zikutiponya pakati pa nkhondo imene inayamba kale, ndipo zikangotha chombo chaching'ono chikudutsa chikuthawa, pambuyo pake chombo china chikutulukira pamwamba pa mitu yathu, chachitali moti chimaoneka ngati sichitha. Mawu aja anena kuti pali oukira ndi ufumu wankhanza. Chithunzichi chanena kuti wamphamvu ndani. Aliyense wagwira ntchito yake osabwereza ya mnzake.

Filimu ikayamba ndi mathero, sindiye kuti yaulula zonse?

Yangosintha funso. M'malo mofunsa kuti zitha bwanji, mukufunsa kuti zinafika bwanji pamenepa. Sunset Boulevard ya Billy Wilder, ya 1950, imayamba ndi apolisi akuthamangira kunyumba ina ku Los Angeles, mtembo ukuyandama chafufumimba m'dziwe losambiramo, ndipo amene akutifotokozera nkhaniyo ndi mwini mtembowo. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene munthuyo akusankha mumachiona mukudziwa kumene chikumutengera. City of God ya 2002, yojambulidwa ku Rio de Janeiro, imayamba ndi mpeni ukunoledwa ndi nkhuku imene yaona anzake akuphedwa, n'kudula chingwe kuthawa. Gulu la achinyamata amfuti likuithamangitsa m'tinjira, mpaka nkhukuyo ndi mnyamata wina wokonda kujambula akupezeka pakati, kuno zigawenga, uko apolisi. Kamera ikuzungulira mnyamatayo n'kutibweza zaka zambiri m'mbuyo.

Vuto n'lakuti njirayi yasanduka pothawira. Wolemba akaona kuti nkhani yake ikuyamba mozizira, amadula kachidutswa ka pampondachimera n'kukaika kutsogolo, kenako n'kulemba kuti "masiku atatu m'mbuyomo". Woonera wozolowera amadziwa kuti akumupepesa pasadakhale chifukwa cha theka la ola lotopetsa limene likubwera.

Kodi chiyambi chikhoza kutinamiza?

Chikhoza kutipusitsa pa zochitika, koma chisatinamize pa mtundu wa ulendo. Scream ya Wes Craven, ya 1996, inaika Drew Barrymore, amene anali wotchuka kuposa anzake ambiri m'filimuyo, pa zithunzi zotsatsira, ndipo aliyense ankaganiza kuti ndiye mwini nkhani. Amaphedwa m'gawo loyamba lenilenilo. Oonera anapusitsidwa, koma lonjezo silinaphwanyidwe. Anauzidwa momveka kuti m'filimu imeneyi palibe wotetezeka. Hitchcock anali atachita kale zofanana ndi Janet Leigh mu Psycho, ndipo anaumiriza eni maholo kuti asalowetse munthu filimuyo ikayamba, pa nthawi imene anthu ankalowa mu holo nthawi iliyonse n'kudikira kuti filimu iyambirenso kuti aone zimene anaphonya.

Fargo ya 1996 inapita patali: imalemba koyambirira kuti nkhaniyi inachitikadi, pomwe ndi yopeka. Anthu amatsutsanabe ngati kumeneko kunali kuchenjera kapena chinyengo. Chimene chimaoneka n'chakuti mawu amenewo amasintha kaonedwe kanu, mumavomereza zopusa zimene anthu a m'nkhanimo akuchita chifukwa mukukhulupirira kuti munthu weniweni anazichitadi.

Kodi mayiko onse amatsatira zizolowezi zomwezi?

Ayi. Ku India filimu imayamba ndi chikalata cha bungwe la boma loona za mafilimu chikuonetsedwa pa sikirini, ndipo kawirikawiri pamabweranso chenjezo la kuopsa kwa fodya. M'mafilimu ambiri otchuka a kumeneko, kutulukira koyamba kwa katswiri wamkulu ndi mwambo pawokha: mumayamba mwaona nsapato, msana, dzanja, ndipo nkhope ikamaoneka holo yonse ili m'malikhweru.

Akatswiri ena a ku West Africa amakonda kuyamba ndi chithunzi chonyamula tanthauzo la filimu yonse m'malo mwa chochitika choyamba cha nkhani. Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty, ya 1973, imayamba ndi kamnyamata kakuyendetsa ng'ombe mwamtendere, kenako ng'ombezo zili kophera. Timbuktu ya Abderrahmane Sissako, ya 2014, imayamba ndi insa ikuthawa mumchenga, anthu amfuti akuithamangitsa pa galimoto, cholinga chawo chili choitopetsa. Mukadzaona mmene akuvutitsira anthu a m'tauniyo, simufunikanso kufotokozeredwa.

Pa intaneti munthu amachoka m'masekondi ochepa. Kodi chiyambi chodekha chili ndi malo?

Zinthu zasinthadi. Mu holo munthu walipira, wakhala pakati pa mzere, magetsi azimitsidwa, sangachoke wamba. Lawrence of Arabia ya 1962 inkayamba ndi nyimbo yokhayokha kwa mphindi zingapo sikirini ili yakuda, ndipo anthu ankadikira. Kunyumba chala chili pa batani. Netflix inafika poika batani lodumphira mayina mu 2017, ndipo mafilimu ambiri opangira pa intaneti tsopano amathamangira kuika mtembo kapena mfuti m'mphindi yoyamba.

Komabe kudekha ndi kutopetsa n'zosiyana. 2001: A Space Odyssey ya Stanley Kubrick, ya 1968, imatha mphindi zoposa 20 popanda munthu kulankhula. There Will Be Blood ya 2007 imatha pafupifupi mphindi 15 chimodzimodzi, ndipo imayamba ndi munthu yekha m'dzenje mu 1898 akukumba miyala ya siliva, akugwa, akuthyoka mwendo, akudzikoka chokwawa kudutsa m'chipululu ndi mwala wake kuti akaupimitse. Mwamudziwa munthu ameneyo kuposa mmene akanadzifotokozera ndi pakamwa. Chimene chimathamangitsa woonera si kuchedwa. Ndi kuona munthu amene sakufuna kanthu, akuchita zinthu zopanda chomulepheretsa.

Ndikujambula filimu yanga yoyamba yaifupi. Ndipewe chiyani?

Wotchi ikulira, dzanja likuizimitsa, munthu akudzuka, akutsuka m'kamwa, akudziyang'ana pagalasi. Aphunzitsi a mafilimu aona chiyambi chimenechi kosawerengeka, ndipo sichiuza woonera chilichonse chimene sachita yekha m'mawa uliwonse. Chimodzimodzi maloto oopsa amene amathera pa munthu kudzambatuka pabedi. Lowani m'gawo mochedwa mmene mungathere. Ngati nkhani ndi ya mwana amene akukapempha bambo ake chinthu chovuta, yambani ali kale pakhomo, dzanja lili m'mwamba, akuzengereza kugogoda.

Filimu ya mphindi 5 isakhale ndi mayina a mphindi imodzi. Dzina la filimu likwanira, ena onse apite kumapeto. Samalani mawu kuposa chithunzi, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu a mphepo ndi phokoso amawathamangitsa nthawi yomweyo. Nyimbo ya mwini wake musaiike popanda chilolezo, chifukwa malo ambiri a pa intaneti amaizindikira okha n'kutseka mawu kapena filimu yonse.

Mukamaliza kulumikiza zithunzi, yesani kuchotsa gawo loyamba lonse muone ngati nkhani ikumvekabe. Kawirikawiri imamveka bwino koposa. Kenako muonetseni munthu amene sanawerenge sikiripiti, muimitse filimu pakatha mphindi imodzi, mumufunse kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani. Akayankha molakwika koma mwachidwi, zili bwino. Akangokweza mapewa, bwererani pa kompyuta. Billy Wilder yemwe anayamba wajambula chiyambi china cha Sunset Boulevard, cha m'nyumba yachisoni mmene mitembo inkacheza za mmene inafera. Ataonetsa anthu moyeserera, holo inafa ndi kuseka pamalo amene sanafune kuti aseke, ndipo anachichotsa n'kujambula cha padziwe chija.